Land Cruiser ikachoka, chimatsala n'chiyani?

Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe analumbira kukhalanso mtsogoleri wa America, Donald Trump anasainira chikalata choimitsa kwa masiku 90 thandizo lomwe dziko lake limapereka kumayiko ena. Ambirife tinangoti ndi zawo zimenezo, za pa TV. Sabata isanathe zinali zitafika pakhomo. Achemwali ake a mnzanga wina, omwe ntchito yawo inali yoyenda m'makwalala a Blantyre kulondola anthu omwe ajomba kukatenga ma ARV, analandira meseji yoti asabwere kuntchito mpaka adzawauze. Mu Malichi nduna ya zakunja ya America, Marco Rubio, inalengeza kuti mapulogalamu 83 pa 100 alionse a USAID athetsedwa. Pofika pa 1 Julayi bungwelo linali litatsekedwa. Achemwali aja sanaitanidwenso. Pano akugulitsa kaunjika.

Chiyambire nthawi imeneyo mkangano wa mabungwe sukutha. Kumene ndimametetsa, mkulu wina wa kabaza amakonda kunena kuti: "Asiyeni azipita, ndi mbava zokhazokha. Ndalama zimathera mu Land Cruiser ndi m'mawekishopu a kunyanja." Wometa amawabweza: "Achimwene, mukutero chifukwa kwanu kulibe amene ali pamankhwala. Popanda mabungwe tikanatha kalekale." Ine ndimangokhala chete poti makina amakhala ali pamutu, koma ndimaona kuti aliyense ali ndi mbali yake yoona. Pomwe onse awiri amaphonya ndi poika mabungwe onse m'thumba limodzi. Alipo amene asinthadi miyoyo ya anthu. Alipo amene anangotisiyira zikwangwani ndi matisheti.

Ndiye tingawasiyanitse bwanji? Ine muyezo wanga ndi umodzi. Tsiku lomwe pulojekiti yatha, galimoto yanyamuka, fumbi lakhazikika, chimatsala n'chiyani, ndipo chili m'manja mwa ndani?

"Mayina athuwo mukukawaphika?"

Funso limeneli sindinaliwerenge m'buku. Chaka china, nditaima kaye sukulu chifukwa cha fizi, ndinapeza ganyu ya masabata atatu pa bungwe lina, yoyenda m'midzi ya boma lina la kum'mwera kufunsa anthu mafunso n'kumalemba mayankho pa tabuleti. Pakhomo pena ndinapeza agogo aakazi akusenda chinangwa. Nditapereka moni n'kufotokoza chomwe ndadzera, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Mwabweranso kudzalemba mayina? Chaka chatha anabwera ena, chaka chinacho ena. Mdzukulu wanga, mayina athuwo mukukawaphika?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anandilozera mjigo womwe unali chapatali pang'ono. Chikwangwani chake chinali chikuwala bwinobwino, zizindikiro za opereka ndalama zitatu, tsiku lotsegulira, dzina la mlendo wolemekezeka. Mjigowo unali wakufa, udzu utamera pa simenti. Amayi ankatunga kumtsinje monga kale. Nditafunsa chomwe chinaonongeka, anyamata a pamudzipo anati ndi kamphira ka mkati kanatha, kenako ndodo imodzi inathyoka. Zinthu zogulika pa hardware ya pa boma. Koma komiti ya mjigo inasankhidwa mothamanga tsiku lotsegulira lomwelo, palibe anaphunzitsidwa kumasula, thumba la ndalama zokonzera kunalibe, ndipo nambala ya foni yomwe anasiyiridwa inasiya kupezeka pulojekiti itatha.

Chomwe chinandipweteka n'choti m'lipoti la bungwe lomwe linakumba, mjigo umenewo uli moyo mpaka lero. Unawerengedwa: mjigo umodzi, anthu akutiakuti apindula, chithunzi cha mwana akumwetulira. Lipotilo silinaname. Linangowerengera tsiku limodzi, lotsegulira.

Mjigo wa masewera ndi mjigo wa ntchito

Nkhani ya mijigo ili ndi phunziro lalikulu kuposa la agogo aja, ndipo Malawi ali pakati pake.

M'zaka za m'ma 2000 kunatchuka chipangizo chochokera ku South Africa chotchedwa PlayPump. Ndi chitsulo chozungulira chonga zija za m'malo osewerera ana. Ana akamachizunguza, madzi amakwera kuchokera pansi kupita m'thanki yam'mwamba. M'mbali mwa thankiyo ankaikamo malonda a makampani kuti ndalama zake zizikonzera chipangizocho. Pa chithunzi zinali zokongola zedi: ana akusewera, madzi akutuluka. Mu 2006 Laura Bush, mkazi wa pulezidenti wa America wa nthawiyo, analengeza thandizo la madola 16.4 miliyoni kuti zipangizozi ziikidwe m'mayiko a kuno ku Africa. Zina zinafika ku Mozambique, zina kuno kwathu.

Kumudzi zinayenda mwina. Ana sasewera nthawi yomwe madzi akufunika. M'mamawa ali kusukulu, masana kukutentha. Mapeto ake amayi akuluakulu, ena oyembekezera, ndi amene ankazunguza chitsulocho ndi manja. Nyuzipepala ya Guardian ya ku Britain inawerengetsa mu 2009 kuti ana akanayenera kusewera maola 27 pa tsiku kuti madzi akwanire chiwerengero cha anthu chomwe eni chipangizocho ankanena. Tsiku lili ndi maola 24. Chipangizo chimodzi chinkadya madola pafupifupi 14,000, ndalama zokwanira mapampu a manja angapo. Chikaonongeka, pamudzi panalibe wochikonza, kunali kudikira amisiri akutali. Poipitsitsa, m'malo ena anachotsa mjigo wabwinobwino kuti aikepo chimenechi, eni mudzi osafunsidwa. Pofika 2010 ngakhale ena mwa omwe anaikapo ndalama anavomera poyera kuti zinalakwika.

Tsopano taonani mjigo womwe tonse timaudziwa, wa chigwiriro chachitali uja, wotchedwa Afridev. Ambiri sitidziwa kuti mbewu yake inamera kuno ku Malawi koyambirira kwa zaka za m'ma 1980, pansi pa dzina loti Maldev, asanaupititse patsogolo ku Kenya. Omwe anaupanga anayambira pa funso loti: ukaonongeka, anthu a pamudzi angaukonze okha? N'chifukwa chake umamasuka ndi sipanala, ndodo zake zimatuluka ndi manja, timphira take ndi totchipa. Sukongola pa chithunzi. Palibe woimba wa ku America anabwera kudzaujambulitsa. Koma ndi umene ukumwetsa midzi yambiri m'dziko muno.

PlayPump inapangidwa kuti isangalatse wopereka ndalama. Afridev inapangidwa poganizira mayi wotunga madzi. Apa ndi pomwe mabungwe ambiri amapatukira njira, chifukwa bungwe si ngati golosale. Pa golosale wolipira ndi wogwiritsa ntchito katundu ndi munthu mmodzi, ukamugulitsa sopo woipa sabweranso. Pa bungwe wolipira ali ku London kapena Washington, wogwiritsa ntchito ali ku Nsanje. Wa ku Nsanje akadandaula, ndalama sizisiya kubwera. Wa ku London akakhumudwa, ofesi imatsekedwa. Ndiye khutu la bungwe limapendekera komwe kukuchokera ndalama, pokhapokha litachita kudzikakamiza kumvera mbali inayo. Ndipo mjigo wa agogo aja ukutikumbutsa kuti ngakhale Afridev weniweniyo amafa ngati anthu sanakonzekeretsedwe kukhala eni ake.

Phala, basi

Mu 2002, chaka cha njala yoopsa ija, Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland anayambitsa Mary's Meals kuno ku Malawi, kudyetsa ana 200. Lero ana oposa miliyoni imodzi m'dziko muno amamwa phala la bungweli kusukulu. Ambiri a inu amene mukuwerenga munanyamulapo kapu m'chikwama.

Chinsinsi chake sichovuta. Bungweli linasankha chinthu chimodzi: chakudya kamodzi pa tsiku, pamalo ophunzirira. Silinadumphe kuti chaka chino tili pa phala, chaka chamawa tili pa kusintha kwa nyengo chifukwa ndiko kwatuluka ndalama, chaka chinacho tili pa zisankho. Mabungwe ambiri ang'onoang'ono a m'tauni muno amadwala matenda amenewa. Ukawerenga cholinga chawo upeza achinyamata, amayi, ulimi, HIV, ufulu, chilengedwe, zonse pa tsamba limodzi, antchito ali anayi. Amatsata kulikonse komwe kwamveka fungo la ndalama, ndipo palibe chomwe amachidziwa mozama.

Chachiwiri, taonani amene amaphika phala lija. Ndi amayi ndi abambo a m'dera lomwelo, ongodzipereka, amene amadzuka m'bandakucha kukasonkha moto. Bungwe limabweretsa ufa wa likuni ndi miphika, anthu amabweretsa manja awo. Thumba likasowa, amene amayamba kukuwa ndi makolo, chifukwa wosowa phala ndi mwana wawo. Woyang'anira wabwino kuposa kholo lanjala ya mwana wake sangapezeke.

Ndisanamizepo, phala silithetsa zonse. Mwana akhoza kukhuta n'kukhalabe m'kalasi ya ana oposa 100 mphunzitsi ali mmodzi. Ndipo ufa ukasiya kubwera, phala latha. Koma ndi ntchito yomwe mwana wa sitandade 2 akhoza kukuuza ngati yachitika lero kapena ayi. Mapulojekiti angati angapirire mayeso amenewo?

Bungwe limodzi, nkhope ziwiri

Chitsanzo chomwe chimandiphunzitsa kwambiri ndi cha Raising Malawi, bungwe la woimba Madonna, chifukwa linalawa mbali zonse ziwiri.

Poyamba linalonjeza sukulu yapamwamba ya atsikana ya madola 15 miliyoni pafupi ndi mudzi wa Chinkhota ku Lilongwe. Anthu anachotsedwa pa minda yawo, mwambo woyambitsa ntchito unachitika, makamera anajambula. Mu 2011 ntchitoyo inathetsedwa. Nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti madola 3.8 miliyoni anali atagwiritsidwa kale ntchito, sukulu osaoneka. Linali loto lalikulu, lomangidwa pambali pa dongosolo la maphunziro a boma, loti lithandize atsikana mazana ochepa m'dziko lomwe ana ambiri ankaphunzirira pansi pa mtengo.

Kenako linasintha njira. Linagwirizana ndi bungwe la buildOn, lomwe linali kale ndi luso lomanga midadada ya sukulu pamodzi ndi anthu a m'midzi, n'kumanga ku Kasungu. Mu Julayi 2017 linatsegula Mercy James Centre, malo a maopaleshoni a ana, mkati mwa chipatala cha Queens konkuno ku Blantyre. Taonani kusiyana kwake. Ulendo uno silinayambitse zake pa tchire. Linapeza madokotala omwe ankachita kale maopaleshoni a ana movutikira, motsogozedwa ndi Pulofesa Eric Borgstein, n'kuwamangira malo mkati mwa chipatala cha boma, momwe odwala ankapita kale. Dzina la mwini bungwe ndi lomwelo, kutchuka ndi komweko. Chomwe chinasintha n'choti ndalama zinatsata anthu odziwa ntchito ndi dongosolo lomwe linalipo kale.

Ku Neno kuli nkhani yofanana. Partners In Health, omwe kumeneko amadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, anafika mu 2007 ataitanidwa ndi unduna wa zaumoyo. Neno panthawiyo linali boma latsopano, lamapiri, lamisewu yovuta, lopanda chipatala chachikulu. Anamanga chipatala cha pa boma ndi china ku Lisungwi, ndipo zonsezi ndi zipatala za boma, si za bungwe. Analemba anthu a m'midzi momwemo kuti aziyendera makomo, ndipo amawapatsa kangachepe, osati kungowauza kuti adzipereke chifukwa cha chikondi. Anaphatikizanso kiliniki ya HIV ndi ya BP, shuga, mphumu ndi khunyu, kuti munthu asamayende maulendo awiri kapena kuloledwa ndi zala kuti uyo wapita ku mzere wa ma ARV. Papita zaka zoposa 15 ali pomwepo. Mapulojekiti ambiri amakhala a zaka zitatu: chaka choyamba kugula magalimoto ndi kulemba antchito, chachiwiri kugwira ntchito, chachitatu kulemba malipoti ndi kusaka ntchito ina. Akulu anati mlendo ndi mame. Mabungwe omwe amasiya chizindikiro ndi amene amakana kukhala mame.

Bwanji osangowapatsa ndalamazo?

Pali funso lomwe mabwana a mapulojekiti salikonda. Ngati pulojekiti ikudya ndalama zakutizakuti pa banja lililonse, kodi banjalo silikanapindula kwambiri likanangolandira ndalamazo m'manja?

Si funso la m'bala. Ku Rwanda, USAID yomweyo inayesa zimenezi. Inayerekeza pulogalamu yake ya kadyedwe ka ana yotchedwa Gikuriro ndi kungopereka ndalama kudzera ku bungwe la GiveDirectly. Zotsatira zinatuluka mu 2018. Pulogalamu ya maphunziro a kadyedwe ija sinasinthe kakulidwe ka ana. Ndalama zochepa zofanana ndi mtengo wa pulogalamuyo nazonso sizinasinthe kwenikweni. Mabanja omwe analandira ndalama zochuluka, zopitirira madola 500, ndi amene kadyedwe kawo kanasintha mooneka. GiveDirectly ili kuno kwathunso, ndipo ku Khongoni m'boma la Lilongwe inapereka madola pafupifupi 550 kwa munthu wamkulu aliyense, kudzera pa foni.

Koma musathamange kunena kuti ndalama ndiye mankhwala a zonse. Ku Zomba, mu 2008 ndi 2009, ofufuza anapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Gulu lina linkalandira pokhapokha mtsikana akupita kusukulu, lina linkangolandira. Gulu loyamba linachita bwino pa sukulu. Gulu lachiwiri ndi lomwe mimba ndi maukwati a msanga zinachepa. Ofufuzawo anabwereranso patapita zaka ziwiri ndalama zitasiya, ndipo anapeza kuti zambiri mwa zabwino zija zinali zitazilala. Analemba zimenezo poyera.

Ine chomwe ndimalemekeza apa si ndalama ayi. Ndi kulimba mtima kobwerera kukaona ngati zinagwira, n'kuvomera pomwe sizinagwire. Mabungwe ambiri amawerenga zomwe achita: mawekishopu 12, anthu 400 aphunzitsidwa, zitenje 1,000 zagawidwa. Zimenezo ndi malisiti, si zotsatira. Bungwe lomwe malipoti ake onse ndi a chipambano chokhachokha, chaka ndi chaka, mwina silimayeza, mwina silinena zoona. Ngakhale mlimi wodziwa amakhala ndi chaka chomwe mbewu yakana.

Zomwe zinakula mpaka kuiwala mwini wake

Funsani mayi anu kuti banki m'khonde anayambitsa ndani. Ambiri adzakuuzani kuti ndi zathu zomwe, tinangoyamba. Chilungamo chake n'choti njira yosunga ndi kubwereketsana ndalama m'magulu mwa dongosolo limeneli, ya bokosi la maloko atatu, masheya ndi kugawana pakutha pa chaka, inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, n'kufalikira m'mayiko ambiri. Bungwe silinkaika ndalama m'bokosi. Linkangophunzitsa malamulo a kayendetsedwe kwa miyezi ingapo n'kuchoka. Lero magulu amabadwa okha m'matchalitchi, m'misika, m'maofesi, ngakhale pa WhatsApp. Mavuto alipo, tonse tikudziwa wina amene analandidwa ndowa ndi mbale chifukwa cha ngongole. Koma thandizo la America litaima, palibe banki m'khonde yomwe inalandira meseji yoti isakumane.

Chitsanzo china ndi lamulo. Mabungwe a atsikana monga Girls Empowerment Network, achinyamata onga Memory Banda, ndi mafumu onga Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza anakankha nkhani ya maukwati a ana kwa zaka zambiri. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati loika zaka 18, ndipo mu Febuluwale 2017 nyumba ya malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kutseka mpata womwe unkalola ana a zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Ana akukwatiwabe m'midzi, zimenezo sitingabise. Koma pano mphunzitsi, mfumu kapena azakhali ali ndi poimira akafuna kukaniza. Lamulo silitha ndi pulojekiti.

Pomwe muyezo wanga umaperewera

Wometa uja ali ndi mfundo yomwe sindingaizembe. Si zonse zomwe zingaime pazokha. Amalawi pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo chiyambire 2004 ma ARV amaperekedwa ulere m'zipatala za boma, ambiri ogulidwa ndi ndalama zakunja, makamaka za Global Fund. Mudzi sungasonkherane kugula mankhwala amenewo ngati mmene ungasonkherane kugula kamphira ka mjigo. Chimodzimodzi nthawi ya ngozi. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, matope atakwirira nyumba ku Chilobwe, anthu oposa 600,000 atasowa pokhala m'chigawo cha kum'mwera, chomwe chinkafunika tsiku limenelo ndi bulangete, ufa ndi madzi abwino. Amene anabweretsa zimenezo mwachangu anagwira ntchito yake, ngakhale sanasiye chokhalitsa.

Koma ngakhale pamenepa funso lija limagwirabe, kungoti limasintha mwini. Ngati ntchito ndi yoti singathe, monga kulondola odwala omwe ajomba mankhwala, n'chifukwa chiyani inakhala zaka zonsezi pa malipiro a mabungwe, osalowa pang'onopang'ono mu bajeti ya boma? Mu 2001 mayiko a mu Africa analonjezana ku Abuja kuti aziika 15 pa 100 ya bajeti yawo ku zaumoyo, ndipo kwathu kuno zaka zambiri sitifikapo. Bungwe labwino limagwira ntchito likukumbutsa boma kuti katunduyu ndi wanu, tangokugwirirani. Bungwe lomwe limasangalala kuti popanda ilo zinthu zingaime ladzipangira ntchito yosatha, ndipo tsiku lomwe munthu mmodzi ku Washington wasaina pepala, olira ndi achemwali aja ndi odwala awo.

Nafenso tili ndi mlandu

Tisamangoloza chala. Ndi kangati tinaitanidwa ku msonkhano wa chitukuko, funso lathu loyamba n'kukhala loti "kuli alawansi"? Ndi kangati tinakhala mu holo masiku atatu, maso pa foni, kudikira envelopu ya tsiku lomaliza? Ine ndinachitapo, sindinama. Ndi mmene zinthu zadulira, kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, palibe angakudzudzule kwambiri polandira. Koma zotsatira zake n'zoti mabungwe anaphunzira kuti anthu amagulidwa ndi Fanta ndi thiransipoti, ife tinaphunzira kuyankha zomwe akufuna kumva. Amatifunsa vuto lathu lalikulu, ife timayamba taona chizindikiro cha pa galimoto. Ikakhala ya zamadzi, vuto lathu ndi madzi. Ikakhala ya zamitengo, vuto lathu ndi nkhuni. Onse awiri timanamizana mwaulemu, lipoti n'kutuluka lokongola.

Ndipo ambiri a ife achinyamata maloto athu ndi kuyambitsa bungwe. Si zoipa. Koma ngati chinthu choyamba chomwe wapanga ndi chizindikiro, tsamba la pa Facebook ndi udindo wa Executive Director, usanathandize munthu ngakhale mmodzi, dzifunse bwino ngati ukufuna kuthetsa vuto kapena ukufuna ntchito. Kufuna ntchito si tchimo m'dziko lino. Kungoti tizitchula zinthu ndi mayina ake.

Mafunso oti tizifunsa

Ndalama zakunja zachepa, ndipo mayiko ena monga Britain nawonso alengeza zodula thandizo lawo. Zotsalazo zikuyenera kugwira ntchito kuposa kale. Chiyambire kusintha kwa lamulo la mabungwe mu 2022, kuli NGORA, nthambi ya boma yomwe mabungwe amayenera kulembetsako ndi kuperekako malipoti a chaka ndi chaka, kuphatikizapo a ndalama. Kuli khonsolo, kuli makhansala, kuli makomiti a chitukuko a m'madera. Koma mapepala a ku ofesi sangaone ngati mjigo ukutulutsa madzi. Oona ndi ife.

Ndiye galimoto yoyera ikadzaima m'dera lanu, mafumu atakhala pa mipando, mlendo atamaliza kuyankhula n'kufunsa ngati pali mafunso, musadzangoomba m'manja. Imikani dzanja mwaulemu. Funsani kuti ganizo limeneli linachokera kwa ndani, ndipo anthu a kuno anafunsidwa liti. Funsani kuti pulojekitiyi ndi ya ndalama zingati, itha liti, ndipo pa ndalamazo zofika kuno ndi zingati. Funsani komwe anachitapo zomwezi zaka zisanu zapitazo, kuti mukathe kuimbira foni anthu a kumeneko. Funsani chomwe chinawakanikapo ndi chomwe anasintha. Funsani komwe mungakadandaule kupatula kwa munthu yemwe wabwera ndi galimotoyo. Pomaliza funsani kuti mukachoka, chikaonongeka, adzakonza ndani, ndi ndalama za ndani.

Bungwe lenileni silikwiya ndi mafunso amenewa, kawirikawiri limakhala litadzifunsa kale. Lomwe lidzayambe kukuuzani kuti nthawi yatha, tiyeni tijambulitse kaye, mwalidziwa.

Agogo aja sindinawaonenso. Mayankho awo ndinawatumiza madzulo a tsiku lomwelo, netiweki itagwira pa chulu, ndipo ndinalandira ndalama zanga za ganyu. Pa mafunso onse a m'tabuleti muja panalibe lofunsa ngati mjigo ukugwira ntchito.